Moatize, Mzinda wa pa Mphambano

Moatize ndi mzinda wa m'cigawo ca Tete. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kucokera mu mzinda wa Tete. Munthu wocokera ku Tete amaoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kenaka amaoloka mtsinje wa Revúboè, ndipo posakhalitsa amayamba kuona milu ikuluikulu ya dothi ndi malasha. Pamenepo ndiye kuti wafika ku Moatize.

Dzina la Moatize ndi la zinthu zitatu. Ndi dzina la mtsinje waung'ono umene umathira mu Revúboè, ndi dzina la mzinda, ndiponso ndi dzina la boma lonse limene likulu lake ndi mzindawo. Bomali lili ndi magawo atatu: Moatize, Kambulatsitsi ndi Zóbuè. Kum'mawa kwake kuli dziko la Malawi.

Poyerekeza ndi Beira kapena Nampula, Moatize ndi mzinda waung'ono. Koma pa msika wake pamamveka zinenero zambiri. Mayi wogulitsa masawu amaitana ogula m'Cinyungwe. Mnyamata wobwera ndi matumba a mbatata kucokera kumapiri amanenerera mtengo m'Cinyanja. Wapolisi amafunsa mapepala a galimoto m'Cipwitikizi, ndipo dalaivala wa lole yocokera ku Harare amaceza ndi mnzake m'Cishona. Cinenero ciliconse mwa izi cinabwera ndi anthu ake, ndipo anthuwo anadzera njira zosiyana: ena mtsinje, ena njanji, ena msewu.

Kucigwa ndi kumapiri

Mzinda wa Moatize uli m'cigwa ca Zambezi. Kumeneku kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mvula imagwa yocepa. Mitengo yoonekera patali ndi milambe ndi misawu. Anthu amaweta mbuzi ndi ng'ombe, amalima mapira ndi cimanga, ndipo m'mbali mwa mitsinje ali ndi madimba. Anthu a m'cigwa cimeneci ndi Anyungwe. Nyungwe ndi dzina lakale la mzinda wa Tete, ndipo mpaka lero akuluakulu ambiri akamapita ku Tete amati akupita ku Nyungwe.

Msewu wocokera ku Moatize kulowera kumpoto cakum'mawa umakwera pang'onopang'ono. Pakatha makilomita pafupifupi 100 munthu amafika ku Zóbuè, pa malire ndi Malawi. Ku Zóbuè ndi kumapiri. Mphepo yake ndi yozizira ndipo mvula imagwa yambiri. Cimanga, nyemba, fodya ndi ndiwo zamasamba zimacita bwino. Anthu a kumeneku amalankhula Cinyanja, cimene ambiri amacicha Cicewa.

Kum'mawa kwa mzinda kuli Kambulatsitsi, pa njira yopita ku Doa ndi ku Mutarara. Munthu akamatsika njira imeneyo amamva Cisena cikuculukiraculukira. Motero boma la Moatize lili pamalo pamene zinenero zitatu zimakumana, ndipo zinali conco ngakhale migodi isanakumbidwe.

Malasha aitana njanji

Malasha a ku Moatize anadziwika kalekale. Mu 1856 David Livingstone atafika ku Tete analemba za malasha amene anawaona m'mphepete mwa mitsinje ya kufupi ndi mzindawo. Koma malasha ndi katundu wolemera. Popanda njira yowanyamulira kupita kunyanja, sakanapindulitsa munthu.

Njirayo inabwera pang'onopang'ono. Mu 1935 unatha kumangidwa mlatho wa Dona Ana, umene umaoloka Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara. Mlathowu ndi wautali makilomita oposa atatu ndi theka. Unamangidwira sitima zocokera ku doko la Beira kupita ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Pambuyo pake Apwitikizi anayala njanji ina kucokera pa Dona Ana kukwera mpaka ku Moatize, ndipo inafika mu 1949. Kucokera ku Moatize kukafika ku Beira pa njanji imeneyi ndi makilomita pafupifupi 575. Anthu amaicha njanji ya ku Sena.

Njanji imafuna anthu ambiri: oyendetsa sitima, okonza makina, oyang'anira masiteshoni ndi okonza njira. Ambiri mwa iwo anacokera kunsi kwa Zambezi ndi ku Beira, kumene kumalankhulidwa Cisena ndi Cindau. Nawonso mgodi unakoka amuna a m'midzi ya pafupi ndi yakutali. Nyumba zinamangidwa mozungulira siteshoni ndi mgodi, ndipo ndi mmene mudzi unasandukira tauni.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, migodi inatengedwa ndi Boma, ndipo mu 1978 inapatsidwa kwa kampani ya Boma yochedwa Carbomoc. Pa nthawiyo malasha ankakumbidwa pansi pa nthaka, m'migodi ya Chipanga. Akatswiri a ku Germany ya kum'mawa anabwera kudzathandiza, kotero kuti kwa zaka zingapo ku Moatize kunkamvekanso Cijeremani. Iwo atapita, cinenero cawo cinapita nawo.

Msewu wa ku Zóbuè

Msewu waukulu wodutsa pakati pa mzinda wa Moatize ndi N7. Msewuwu ndi cidutswa ca njira yaitali yolumikiza Blantyre ndi Harare. Lole yocokera ku Blantyre imadutsa ku Mwanza, imalowa mu Moçambique pa Zóbuè, imatsika kudzera ku Moatize ndi ku Tete, ndipo imalowa mu Zimbabwe pa Cuchamano ndi Nyamapanda. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 600. Malole ena amacokera ku doko la Beira atanyamula mafuta ndi feteleza za ku Malawi. M'maiko atatu onsewa magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, motero dalaivala akaoloka malire amasintha ndalama ndi cinenero, koma mbali ya msewu sasintha.

Pa Mussacama, Zóbuè isanafike, msewu wina umapatuka kulowera kumpoto. Umenewo ndi wopita ku Ulónguè, likulu la Angónia, ndi ku malire a Calómuè pafupi ndi Dedza. Mbatata zambiri zimene zimadyedwa ku Moatize ndi ku Tete zimatsika ndi msewu umenewu, ndipo ogulitsa ake ndi olankhula Cinyanja.

Malire a pa Zóbuè analembedwa ndi Apwitikizi ndi Angerezi pa pangano la 1891. Iwo anatsata msana wa mapiri: kumene madzi amatsikira ku mtsinje wa Shire kunakhala kwa Angerezi, ndipo mbali inayo inakhala ya Apwitikizi. Anthu okhala pamenepo sanafunsidwe. Mzerewo unadula pakati pa anthu a mtundu umodzi. Ndi cifukwa cake mbali zonse ziwiri kuli a Phiri, a Banda ndi a Mbewe, ndipo mbali zonse ziwiri kumavinidwa Gule Wamkulu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule ameneyu monga cuma ca maiko atatu: Malawi, Moçambique ndi Zambia. Anthu a m'malire amakwatirana, amapitirana kumaliro ndipo amagulitsana zinthu. Pa msika wa Zóbuè ogulitsa amadziwa kuwerengera mtengo m'mametikali ndi m'makwacha momwe.

Msewu wa malole uli ndi zoopsa zake. Pa 17 Novembala 2016 lole yonyamula mafuta kupita ku Malawi inaphulika pa Caphiridzange, m'boma la Moatize, pamene anthu anaizungulira kuti atunge mafuta. Anthu oposa 70 anafa, ndipo ena ambiri anapsa. Pakati pawo panali ana.

Njira zikatsekeka

Nkhondo ya pakati pa Boma la Frelimo ndi Renamo inasonyeza kuti moyo wa Moatize uli pa njira zake. Pofika mu 1984 sitima zinali zitasiya kufika ku Moatize. Mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaonongedwa. Malasha anasowa potulukira, ndipo nchito ya mgodi inacepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Njanji inamera mitengo. Pa msewu wa ku Zóbuè malole ankayenda pa mdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe.

Anthu a m'midzi anagawikana. Ena anathawira m'tauni ya Moatize ndi mu mzinda wa Tete. Ena, makamaka a ku Zóbuè, anaoloka malire. Pofika mu 1992 ku Malawi kunali anthu othawa nkhondo a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi. Kwa anthu a ku Zóbuè cinenero sicinali vuto, pakuti anafikira kwa abale olankhula monga iwo.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zitatu zotsatira anthu ambiri anabwerera kwawo. Anabwera ndi ana obadwira ku Malawi. Ngakhale mabanja a Cinyungwe ndi a Cisena anabwera ndi ana odziwa Cicewa. Njira yothawira imeneyi inagwiranso nchito mu 2015 ndi 2016, pamene kumenyana kunabukanso ku Nkondezi, m'dera la Zóbuè, ndipo anthu zikwi zambiri anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza.

Kalembera ndi migodi yatsopano

Boma limadziwa kuculuka kwa anthu pocita kalembera. Mu Moçambique kalembera wa dziko lonse anacitika mu 1980, 1997, 2007 ndi 2017. Owerenga amayenda khomo ndi khomo. Amafunsa za anthu a m'nyumbamo, zaka zawo ndi nchito zawo, ndipo amafunsanso cinenero cimene munthu anayamba kulankhula ali mwana.

Mu 1997 tauni ya Moatize inali ndi anthu oposa 26,000. Mu 2007 anali pafupifupi 39,000. M'boma lonse munali anthu pafupifupi 109,000 mu 1997, ndipo patatha zaka khumi ciwerengeroco cinali citawirikiza pafupifupi kawiri. Ziwerengerozi zikusonyezanso kuti anthu ambiri a m'bomali ankakhala m'midzi, osati m'tauni. Mu 1998 tauniyi inayamba kusankha yokha atsogoleri ake, ndipo mu 2020 inakwezedwa kukhala mzinda.

Cimene cinasintha Moatize koposa ndi kubwera kwa makampani akuluakulu a malasha. Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brasil inapambana mpikisano wofuna mwini wa mgodi watsopano. Njanji ya ku Sena inakonzedwa, ndipo mu 2010 sitima inafikanso ku Moatize patatha zaka zoposa 25. Mu 2011 malasha anayamba kupita ku Beira. Pambuyo pake kampani ya njanji ya CFM inayambanso kuyendetsa sitima ya anthu pakati pa Beira ndi Moatize. Mgodi wina unatsegulidwa ku Benga, pafupi ndi Zambezi. Migodi yatsopanoyi si ya pansi pa nthaka ngati ya Chipanga. Makina amacotsa dothi lonse la pamwamba ndi kusiya dzenje lalikulu, ndipo fumbi lake limafika m'nyumba za mumzinda.

Ofuna nchito anacokera mbali zonse za dziko. A ku Maputo ndi ku Gaza anabwera ndi Cicangana, a ku Nampula ndi Cimakuwa, a ku Zambézia ndi Cicuwabu ndi Cilomwe. Kunabweranso anthu a ku Brasil, South Africa, Zimbabwe ndi India. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan, imene eni ake ndi a ku India.

Mgodi wa dzenje umadya malo. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe. Ena anapatsidwa nyumba ku 25 de Setembro, m'tauni momwemo. Ambiri anapita ku Cateme, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Kale anthuwa ankakhala pafupi ndi mtsinje ndi msika. Ankaumba njerwa, kugulitsa makala ndi ndiwo, ndipo msika ankaufika wapansi kapena pa njinga. Ku Cateme anadandaula kuti minda ndi youma, nyumba zikung'ambika, ndipo ulendo wa ku msika ukufuna ndalama. Pa 10 Januwale 2012 anthu a ku Cateme anakhala pa njanji ndi kuimitsa sitima ya malasha. Iwo anadziwa kuti mawu awo adzamveka msanga pa njanji kuposa pa khomo la ofesi.

Njanji yaciwiri ndi milatho

Njanji ya ku Sena yokha sinakwanitse kunyamula malasha onse. Conco inamangidwa njanji ina yopita ku doko la Nacala-a-Velha, m'cigawo ca Nampula. Njanjiyi ndi yaitali makilomita 912 ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Imapatuka ca ku Kambulatsitsi, imalowa m'Malawi, imadutsa ku Nkaya ndi ku Liwonde, ndipo imabwereranso mu Moçambique pa Entre Lagos. Sitima imodzi ya malasha imakoka mabogi oposa 100. Njanji imeneyi inamangidwira malasha. Mlimi wa ku Zóbuè wofuna kukagulitsa nyemba ku Moatize amadalirabe shapa, lole kapena njinga yamoto.

Ku Tete, pa Zambezi pali milatho iwiri. Wa Samora Machel unamangidwa nthawi ya Apwitikizi ndipo unatha mu 1973. Wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, kunsi kwa mzinda wa Tete, kuti malole olemera asamadutse pakati pa mzinda. Bwalo la ndege la Chingodzi lili pakati pa Tete ndi Moatize. Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anadzaza mtsinje wa Revúboè, ndipo madzi anagumula mbali ya mlatho wake. Kwa masabata ambiri anthu ogwira nchito ndi ocita malonda pakati pa mizinda iwiriyi ankazungulira pa mlatho wa Kassuende, ulendo wotalikirapo ndi wokwera mtengo.

Zinenero zapacibale

Cinyanja, Cinyungwe ndi Cisena ndi zinenero zapacibale. Mawu ambiri ndi amodzimodzi: madzi, nyumba, mwana, mbuzi, moto. Koma pali kusiyana kumene khutu limagwira msanga. Pamene Mnyanja amati "zinthu", Mnyungwe amati "bzinthu" ndipo Msena amati "pinthu". Momwemonso "zakudya" ndi "bzakudya" ndi "pyakudya". Munthu akangodziwa lamulo limeneli, mawu mazanamazana amamutsegukira nthawi imodzi. Mnyungwe amati "wanthu" ndi "wana" pamene Mnyanja amati "anthu" ndi "ana". Moni wa "Muli bwanji?" kucigwa ndi "Muli tani?"

Mawu ena ndi osiyana kotheratu. Nchito m'Cinyungwe ndi m'Cisena ndi "basa". Ndalama ndi "kobiri", mawu amene m'Cinyanja amatanthauza kandalama kakang'ono kakale. Ena amasokoneza cifukwa amamveka ngati odziwika. Msena akamathokoza amati "takhuta", ndipo mwana wa ku Zóbuè angadabwe kuti munthuyo wadya liti. M'Cisena "kulonga" ndi kulankhula, pamene m'Cinyanja munthu amalonga katundu m'thumba.

Mawu obwereka amasonyeza kumene anthu ankayang'ana. Olankhula Cinyanja a m'malire anatenga mawu ambiri a Cingerezi kudzera ku Malawi: sukulu, sitolo, buledi, basi. Anyungwe, amene akhala pafupi ndi Apwitikizi ku Tete kwa zaka mazana angapo, amati "xikola", kucokera ku mawu a Cipwitikizi. Komabe nacoso Cinyanja cili ndi mawu akale ocokera ku Cipwitikizi, monga nsapato, mbatata, kalata ndi kapitawo. Mawu amenewa anakwera ndi amalonda a m'cigwa ca Zambezi, ndipo lero amanenedwa ngakhale ku Lilongwe ndi ku Chipata ndi anthu osadziwa kumene anacokera.

Cipwitikizi ndico cinenero ca Boma. Cimagwiritsidwa nchito m'maofesi, m'mabwalo a milandu ndi pa zikalata. Mumzinda wa Moatize cili ndi nchito inanso: cimalumikiza anthu amene zinenero zawo sizimvana, monga Mnyungwe ndi Mcangana. M'mabanja ena a mumzinda, mmene bambo ndi mayi ndi a zinenero zosiyana, ana amakula akulankhula Cipwitikizi cokha, ndipo akapita kumudzi amalephera kuceza ndi agogo awo. Cingerezi cimafunika ku mgodi ndi pa malire. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa mawu m'Cipwitikizi, m'Cinyungwe, m'Cinyanja ndi m'Cisena.

Cinenero ca m'kalasi

Kwa zaka zambiri sukulu zonse za mu Moçambique zinkaphunzitsa m'Cipwitikizi cokha. Mwana wa ku Zóbuè ankafika m'kalasi yoyamba akudziwa nthano, miyambi, maina a mitengo ndi kuwerenga mbuzi za kwawo, koma zonsezi ankazidziwa m'Cinyanja. Mphunzitsi akayamba kulankhula, mwanayo ankangokhala cete. Ankayenera kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuwerenga, ndi cinenero cimene akuwerengaco. Ana ambiri ankabwereza kalasi, ndipo ena ankasiya sukulu.

Malamulo aakulu a dziko a 1990 ananena kuti Boma lidzalemekeza zinenero za mu Moçambique. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayesa maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu zocepa, pa nchito yochedwa PEBIMO. Ku Gaza anagwiritsa nchito Cicangana, ndipo ku Tete anagwiritsa nchito Cinyanja. Ana ankayamba kuwerenga ndi kulemba m'cinenero cawo, uku akuphunzira kulankhula Cipwitikizi, ndipo m'makalasi apamwamba Cipwitikizi cinkatenga malo aakulu. Mu 2003 njira imeneyi inayamba kufalitsidwa m'zigawo zina, m'zinenero 16. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a m'dzikoli, pafupifupi 8 cinenero cawo coyamba ndi Cinyanja.

M'boma la Moatize funso la cinenero ca m'kalasi lili ndi mayankho osiyana. M'midzi ya ku Zóbuè yankho ndi losavuta, pakuti pafupifupi ana onse amalankhula Cinyanja. M'midzi ya m'mbali mwa Zambezi ndi Cinyungwe. Koma mumzinda kalasi imodzi ingakhale ndi ana a zinenero zinayi kapena zisanu, ndipo kusankha cimodzi ndi kusiya ena kunja. Vuto lina ndi la aphunzitsi. Mphunzitsi wobadwira ku Benga akatumizidwa ku Zóbuè amamva zambiri zimene ana akunena, koma kuphunzitsa kulemba Cinyanja kumafuna kuti iye aciphunzire bwino coyamba.

Ngakhale kalembedwe kali ndi malire ake. Mu 1988 akatswiri a zinenero anakumana ku Maputo ndi kugwirizana za kalembedwe ka zinenero za mu Moçambique. Kuno amalemba "cimanga", "caka" ndi "nchito". Ku Malawi amalemba "chimanga", "chaka" ndi "ntchito". Kachulidwe ndi kamodzi. Mwana wa ku Zóbuè amaona kalembedwe koyamba m'buku lake la kusukulu, ndipo kaciwiri amakaona pa zikwangwani za ku Mwanza ndi m'mabuku a nyimbo za kuchalichi amene makolo ake anagula kutsidya kwa malire.